Vitória Anakana Kuvomera Tsempho

Panali munthu wina ku Mongue, dzina lake Laurindo. Nkhaniyi inachitikadi, amene anandiuza amapemphera tchalitchi chimodzi ndi banjali. Laurindo ankanyamula matumba a nyemba ndi chimanga panjinga, kukagulitsa kumalire a Milange. Anali munthu wamphamvu, ndipo ankadzidziwa yekha kuti ndi wamphamvu, lomwe ndi vuto la amuna ambiri kwathu kuno.

Mutu utayamba kumuwawa pafupipafupi, mkazi wake Vitória anamukakamiza kupita kuchipatala chaching'ono chapafupi. Namwino anamuyeza pamkono n'kupukusa mutu.

"Bambo, tensau yanu yakwera, magazi akuthamanga kwambiri. Muzimwa mapiritsi awa. Koma pamsinkhu wanuwu ndikukayikira impso. Mubwere sabata yamawa tidzayeze mkodzo. Ndipo mapiritsi opha ululu amene mumagula pamsika aja muwasiye."

Atangotuluka panja, Laurindo anaseka. "Ine chikundiwawa ndi mutu, iwo akufuna mkodzo. Mutu ndi mkodzo zikumana pati?"

Sanabwererekonso. Mapiritsi a tensau atatha ankagula ena kwa wogulitsa wina tsidya la Muloza, opha ululu aja n'kumamwa m'mawa ndi madzulo kuti msana umulole kupalasa njinga. Mutu osaleka. Kenako anayamba kudzuka nkhope itatupa, mapazi osalowanso munsapato.

Ndiye mukudziwa kwathu kuno, mwamuna akatupa anthu sayang'ana iye, amayang'ana mkazi. Mlongo wake wa Laurindo, Ana Paula, anafika ndi abale ena n'kukhala pakhonde ngati oweruza.

"Ili ndi tsempho, palibe kufunsa," anatero Ana Paula. "Alamu, achimwene akakhala kumalire inu mumayenda ndi ndani? Ingovomerani, tipeze mankhwala, munthu achire."

Laurindo anangowerama osanena kanthu. Kukhala chete kwakeko kunamupweteka Vitória kuposa mawu a mlamu wake.

Akazi ambiri pamenepa amangovomera kuti nkhani ithe. Koma Vitória, mayi ameneyu ine ndimamuvulira chipewa. Anapukuta misozi n'kuyankha mosanjenjemera.

"Alamu, sindingavomere chimene sindinachite. Ndikavomera muwamwetsa mankhwala a tsempho, matenda enieni n'kumawadya. Chitini chimene amakodzeramo usiku amataya m'mawa ndine. Mkodzo wa achimwene anu ukuchita thovu ngati sopo, mtundu wake ngati tiyi. Ndipita nawo achimwene anuwa kuchipatala chachikulu ku Milange. Adokotala akakapanda kupeza kanthu, ukwati uthe."

"Akakafera m'njira, mlandu ndi wanu," anatero Ana Paula.

"Ndausenza."

M'mawa mwake Vitória anakweza mwamuna wake minibasi. Ana Paula anakwera nawo, osati kuti akathandize ayi, koma kuti akaone ndi maso ake mlamu wake akuchita manyazi.

Kuchipatala anamuyeza mkodzo ndi magazi, kenako dokotala anawaitana onse atatu.

"Bambo, impso zanu zatupa. Impso ndi zimene zimasefa magazi ndi kutulutsa madzi ndi mchere wosafunika m'thupi. Zikadwala, madzi amadzaza m'thupi, munthu amatupa, tensau n'kukwera. Tensau ikakwera imawononganso impso zomwezo. N'chifukwa chake siimatsika ngakhale mumamwa mapiritsi. Tiyenera kusamalira impsozo ndi tensau pamodzi. Opha ululu aja amangosonkhezera moto."

"Adokotala, ndiye kuti si tsempho?" anafunsa Ana Paula, mawu atachepa.

"Mayi, ine chimene ndapeza ndi impso. Mukanachedwa pang'ono zikanasiya kugwira ntchito. Amene anaganiza zobwera nawo kuno wawapulumutsa."

Vitória sanayang'ane n'komwe mlamu wake. Anangomanga chitenje chake bwinobwino n'kupita kukafunsa bedi.

Laurindo anamugoneka, anamusinthira mankhwala n'kumuletsa mchere. Pang'ono ndi pang'ono kutupa kunaphwa, tensau inatsika. Koma impso sizinabwerere mwakale. Matumba olemera aja anawasiya, ndipo mpaka lero amapita kukayezetsa mwezi ndi mwezi. Kuseka namwino kuja kunamudyera mphamvu zimene ankanyadira.

Atatuluka m'chipatala, Lamulungu Misa itatha, Laurindo anaima pabwalo la tchalitchi anthu asanabalalike.

"Abale anga, mkazi wangayu munamunena, ine n'kukhala chete. Ndinalakwa. Moyo mukuuonawu ndi iyeyu."

Amayi anaimba nthungululu, enanso amene ankanong'ona dzana anaimba nawo mokweza kuposa anzawo. Madzulo ake Ana Paula anabwera ndi nkhuku yopepesera. Vitória anailandira ndi manja awiri, anaiphika, n'kuitana mlamu wake kuti adyere limodzi. Ana Paula atalawa anakweza maso.

"Alamu, mwaiwala mchere?"

"Sindinaiwale. Pakhomo pano tikumvera adokotala. Idyani, alamu."

Ana Paula anadya mpaka kuswa mafupa, osadandaula.

Phunziro: Tensau ikamakana kutsika, nkhope ndi mapazi zikamatupa, mkodzo ukamachita thovu, musathamangire kuloza chala mkazi wa mwini. Thamangirani kuchipatala akayeze impso. Namwino akati mubwerenso, bwererani, ndipo mapiritsi apamsika musamamwe ngati mtedza. Inu amayi, musavomere bodza kuti mudzi ukhale chete, chifukwa bodzalo likhoza kukuikitsani maliro. Tumizirani abale ndi anzanu nkhaniyi, makamaka alamu aja odziwa matenda kuposa adokotala.