Loko ya ku Limbe

A Abdulhamid, eni nyumba zitatu za malata pafupi ndi doko la Kota Kota, anamuzunza Rahila pa nkhani ya loko, ndipo ine dzina lawo sindibisa. Rahila ndi mnzanga, wamasiye ngati ine ndemwe. Amachita lendi m'nyumba imodzi ya bambowa, n'kumagulitsa mpunga kumsika.

Kuno aliyense amadziwa. Loko ikadyeka ndi dzimbiri, amakonzetsa ndi mwini nyumba. Wokhalamo akataya kiyi kapena kuthyola loko, ndi zake. Zikakhala zosadziwika bwino, amagawana pakati.

Loko ya Rahila inali ndi makani. Tsiku lina ikana kutseka, ndiye Rahila osapita kumsika, kukhala n'kumalondera matumba a mpunga anzake akugulitsa. Tsiku lina ikana kutsegula, ndiye Rahila n'kumakuwa m'kati mpaka wodutsa amumve. Anapita kwa eni nyumba mwaulemu, nati alipira theka.

"Loko imeneyo ndinaigula ku Limbe, mayi," anatero a Abdulhamid. "Vuto ndi dzanja lanu. Mumapotokola kiyi ngati mukupha nkhuku."

Lachisanu lina m'mawa lokoyo inatseka n'kukaniratu. Kugwedeza, ayi. Kukankha ndi phewa, ayi. Nyumbayo ili ndi chitseko chimodzi ndi kawindo kamodzi ka zitsulo, koti ngakhale mphaka amayamba waganiza asanalowe. Pakawindo pamenepo ndi pamene Rahila ndi a Abdulhamid anakumanirana, uyu mbali iyi, awa mbali inayo, mphuno zitatsala pang'ono kugundana.

Anthu anasonkhana. Anabwera Ibrahimu wokonza njinga, amenenso amakonza maloko, atanyamula zida zake m'kathumba. Anasuzumira pabowo la kiyi, nakhala pansi.

"Dzimbiri lilimo, dzanja lilimonso," anatero. "Ine sindigwira mpaka ndimve wondilipira."

"Theka ine," anatero Rahila.

"Ngakhale kobiri," anatero a Abdulhamid.

Dzuwa linakwera. Malata anayamba kulira ndi kutentha. M'nyumbamo munalibe madzi, mtsuko unali kuseri. Mayi Laila, amene amagulitsa zitumbuwa pafupi pomwepo, anasiya lichero lawo nabwera atagwira m'chiuno.

"Abambo inu, m'nyumbamu munthu apsamo. Lipirani chitseko chitseguke."

"Musavutike, amayi," anatero Rahila. "Ine kutsekeredwa ndinazolowera. Munthu safa msanga, amangowonda."

Anthu anaseka. A Abdulhamid sanaseke. Anayamba kufotokoza za loko za ku Limbe, kuti ngakhale Bwana Disi ku boma amatsekera zomwezo. Ibrahimu anagula chitumbuwa nayamba kudya pang'onopang'ono.

"Chabwino, konza," anatero a Abdulhamid. "Za malipiro tikambirana bwino mawa."

"Mawa lanu ndimalidziwa, bwana," anatero Ibrahimu. "Ndalama zanga za unyolo wa njinga yanu zinathera mawa lomwelo."

Kenaka kumzikiti kunamveka mawu oitanira anthu ku swala. Amuna anayamba kuchoka mmodzimmodzi, akukonza tizisoti. Apa mpamene a Abdulhamid anasintha nkhope. Bambowa ndi aja amakhala mzere woyamba, ndipo wochedwa amamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Naye Ibrahimu anaimirira, nakunkhumula fumbi.

"Ukupita kuti iwe?"

"Kukaswali, bwana. Ndibweranso madzulo, Mulungu akalola."

"Ima. Ndavomera theka."

"Theka linali dzulo," anatero Rahila. "Lero ndi yonse. Ndipo munene mokweza, amayi Laila amve."

A Abdulhamid ananena motsitsa, mayi Laila n'kuti makutu awo akalamba. Ananenanso mokweza, mpaka asodzi osoka maukonde kudoko anatembenuka.

Ibrahimu anathira mafuta a njinga pabowo, nalowetsa kawaya, nagogoda kawiri ndi sipanala. Chitseko chinatseguka.

Anatuluka a Abdulhamid, mkanjo utamatirira kumsana ndi thukuta, kiyi ali m'manja. M'mawa muja anachita kulowa okha n'kudzitsekera, ati amuonetse Rahila mmene munthu wanzeru amatsekera loko ya ku Limbe. Rahila nthawi yonseyo anali pakhonde, pamthunzi.

Tsopano abale awo akuyenda m'tauni muno kunena kuti amasiye ndife ouma mtima. Inu amene mwawerenga, tandiyankhani: akanakhala Rahila m'katimo, chitsekocho chikanatsegulidwa tsiku liti?