Khungu Lipume

Inali sikisi koloko m'mawa, kunja kuli nkhungu, pamene a Nangondo, achemwali a malemu mkazi wanga, anafika ndi chitedze m'kapepala.

Masiku ano munthu sapuma pantchito ya m'dimba la mudzi popanda chilolezo cha makina a kuchipatala. Mtsempha ukatupa, makinawo amapereka masabata awiri opuma. Ukangotha ndi ukalamba, amati mankhwala ake n'kuugwiritsa ntchito. Wanga wa kuchidendene unali wakutha, ndipo unkandipweteka ndikanyamula makheni othirira.

"Tambasulani mwendo, alamu," anatero. "Sukulu yonse munaphunzira ija, mukulephera kutupa?"

Anandipaka chitedzecho. Sindinalire, ngakhale ndinaganizirapo.

Kuchipatala makina anaunika chidendene, kenaka analankhula mwaulemu: "Pepani bambo. Khungu latupa, koma mtsempha ndi wakutha. Khungu lipume masabata awiri. Mtsempha upite kuntchito."

"Nanga khungulo alisiyire yani?" anafunsa a Nangondo, amene anandiperekeza.

"Funso limenelo ndi la ofesi ina, mayi."

Ndinatenga makheni anga n'kutsikira kudimba. Ndinathirira kabichi mpaka masana, ndikuima pamzere uliwonse kuti ndidzikande.