Malemu Lonia Akutsatsa Mankhwala

Masana, dzuwa likuswa mtengo ku Zemba, Tionge anapatsira atate ake, a Yoweli, foni yake.

Mu kanema wa pafoniyo munali Lonia, mkazi wawo amene anamuika m'manda chaka chatha. Milomo inkayenda, koma mawu sanali ake: "Mankhwala azitsamba awa anandichiritsa ine."

"Ndi AI, atate. Amatenga chithunzi n'kuchilankhulitsa."

Chithunzicho a Yoweli anajambula okha kuchipatala, ndipo sanatumizirepo munthu. Koma foni yawo ankatchajitsa pagolosale ya Evans, mlongo wake wa malemuyo, ndipo anamuuza nambala yotsegulira poti ndi mlamu.

M'munsi mwa kanemayo munali nambala ya Evans yoitanitsira mankhwalawo.

"Ndionetse mosinthira nambala yotsegulira, mwanangu," anatero chapansipansi.

Atasintha nambalayo, a Yoweli ananyamula khasu n'kupita kukapalira thonje.