Fumbi pa Nsapato za Woimbira

Mpira unapulumuka m'manja mwa wowakha n'kugubuduzikira kumpanda, ndipo bwalo lonse la ku Consuelo linadzuka kukuwa kuti chigoli. Eusebio yekha, woimbira masewerowo, ndiye anakweza chibakera m'mwamba kusonyeza kuti mwana amene ankathamangayo watuluka, chigoli palibe.

Sanalakwitse. Mu mpira wa ndodo wa ana, uja amati baseball, lamulo lili poyera. Wothamangira pamalo omalizira akapeza wowakha wa timu inayo atagwira kale mpira, ayenera kutsetsereka pansi kapena kumulambalala. Wandy, kamnyamata ka zaka khumi ndi ziwiri, kanangomuwomba mnzakeyo ndi phewa ngati katonde kolusa, mpira n'kutayika. Koma lamulo limakhala m'buku, ndipo buku silinabwere kudzaonera mpira. Kunabwera azibambo odula nzimbe, mabotolo ali kumanja kuyambira m'mawa, ana awo, timu ya Wandy, akutsalira ndi chigoli chimodzi m'ndime yomaliza ya fainolo.

Phokoso linasintha mtundu. Makoko a malalanje anayamba kuuluka, kenako botolo linasweka pafupi ndi phazi lake. Amuna angapo anayamba kukwera mpanda wa waya umene unali kale wopendekera. Eusebio anaponya maso kuchipata n'kuona kuti chili kutali, ndipo wapolisi mmodzi yemwe anatumizidwa tsikulo anali kunja, akudya zokazinga kwa mayi wogulitsa pamsewu.

Iye ntchito yake inali yonyamula anthu panjinga yamoto. Zoimbirazi ankangochita Lamlungu chifukwa chokonda mpira, ndipo panthawiyo anachitukwana chikondi chimenecho mumtima. Anachita mantha. Thukuta linkayenderera m'kati mwa chotchingira nkhope chachitsulo chimene anavala.

Komatu mabotolo sindiwo ankamuopsa kwambiri. Ankaopa benchi ya kumanzere, kumene a Nicanor Valdez, mphunzitsi wa timu ya Wandy, anali atayamba kuimirira.

A Nicanor anali chimunthu cha khosi lonenepa, wopha ng'ombe pamsika. Chaka chapitacho, pabwalo lomwelo, woimbira wina dzina lake Fulgencio anachoka atanyamulidwa pathabwa, mutu utasweka, ndipo diso lake lamanzere silinaonenso mpaka lero. Eusebio kunalibe tsikulo. Koma aliyense amene anamukweza panjinga sabata imeneyo ankanena chimodzimodzi, kuti zonse zija zinachitika chifukwa cha a Nicanor. Palibe anamangidwa, ndipo palibenso anafunsitsa.

Tsopano a Nicanorwo ankabwera. Sanathamange, munthu wodziwa kuti nyama yake yamangidwa kale sathamanga. Atafika pakati anavula chipewa n'kuchimenyetsa pansi, anthu n'kukuwa mokondwa.

"Iwe wakabaza, maso unawasiya panjinga?" anatero ndi mawu omveka mpaka kuminda ya nzimbe. "Anakupatsa ntchitoyi ndani, amalume ako?"

"Bambo Nicanor, lamulo likuti mwana akapeza..."

"Lamulo la agogo ako! Mpira uli uko kumpanda, agalu akuununkhiza, iwe ukuti chiyani?"

Eusebio anayesanso kufotokoza zotsetsereka zija, koma mawu ankatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana wogwidwa akuba shuga. A Nicanor sanamve n'komwe. Anamuuza kuti ngakhale ng'ombe imene anapha dzulo ikanaona bwino kuposa iye, kuti akagule magalasi, kuti abwerere kusiteji akadikire makasitomala. Kenako anayamba kumukankhira fumbi pansapato ndi phazi, kamodzi, kawiri, mpaka nsapato zakuda zija zinayera mbuu. Anthu anafa nacho chiseko. Amuna aja anaima pamwamba pa mpanda, mwendo wina m'kati wina kunja, kuti asaphonye kanthu.

Ana a matimu onse awiri anali ataunjikana chapatali, ena atagwira pakamwa. Eusebio anawaona ndipo anachita manyazi, pakuti m'mutu mwake munali mutalowa kale ganizo loipa. Akanangotambasula manja n'kunena kuti chigoli chilipo, zonse zikanatha. Akanapita kwawo ndi maso onse awiri. Mawa ana omwewo akanayamba kuwombana mapewa mpaka wina kuthyoka khosi, koma zimenezo n'zamawa. Njira inayo inali yoloza kuchipata n'kuwathamangitsa a Nicanor m'bwalo, monga lamulo limalolera woimbira. Koma munthu ungathamangitse bwanji chimunthu chotere uli wekhawekha?

Anayesa kutambasula manja, manja anakana. Anayesa kuloza kuchipata, chala chinakananso. Anangoima chilili.

A Nicanor anasendera kufikira mimba yawo inatsala pang'ono kukhudza chotchingira pachifuwa chake. Ankanunkha fodya ndi mafuta a nyama. Anakweza dzanja lamanja m'mwamba, chikhatho chachikulu ngati fosholo, ndipo bwalo lonse linadikira khofi. Eusebio anatsinzina, n'kukumbukira kuti mkazi wake anamuletsa m'mawa kuti asabwere kuno.

Khofi silinafike. M'malo mwake anamva mpweya wotentha pakhutu, ndi mawu otsika amene sakanawamva wina aliyense.

"Waimba bwino, mphwanga, mwana uja watuluka. Tsono ndithamangitse mwamphamvu, ndituluke ndikutukwana, anthu awa akhute atsike pampandapo. Chaka chatha ndinavomereza zimene woimbira anagamula n'kukhala chete pabenchi, ndiye anthuwa anamukalipira okha Fulgencio, ndi miyala."