Magolovesi a Dona Iness

Nkhaniyi anandiuza ndi a Kalebe, okonza njinga pa Bowe, ine ndikudikira kuti andimatire chubu.

Akuti munali mu Epulo 1994, chisankho chili pafupi. Landirova ya Dona Iness inatitimira m'matope pa chitunda china ku Ntchisi. Yoswa, dalaivala wake, anaponda mafuta mpaka utsi koboo, koma matayala ankangozungulira pamodzimodzi.

Dona ameneyu anabadwira m'banja la akuluakulu ku Mangalande. Ali mtsikana anamuveka zoyera n'kukamuonetsa kunyumba yachifumu, monga atulutsira namwali kuno. Chiyambire tsikulo sankayenda wopanda magolovesi ofika m'chigongono ndi chipewa cha kansalu kophimba nkhope. Mwamuna wake atamwalira, anatsala ndi esiteti ya fodya ndi mabanja makumi asanu a matenanti. Abale ake ankangodikira maliro ake kuti agulitse malowo, matenanti aone msewu. Iye ankati, "Ndikadali moyo, palibe achoke." Matipate atabwera, anaima payekha pa uphungu.

Koma kwa miyezi iwiri tsopano sanatsikepo m'galimoto. Ankangotulutsa dzanja pawindo n'kubayibitsa.

Anthu a m'mudzi wapafupi anazinga galimotoyo. Yoswa anatsika, thukuta lili kamukamu, akupotokola mphete yake ya mkuwa pachala.

"Tikankheniko, abale anga."

"Tikankha," anayankha a Alexio, mkulu yemwe anagwirapo utenanti pa esitetiyo zaka zambiri. "Koma ayambe atipatsa moni. Voti yathu akuifuna, dzanja lathu akunyansidwa nalo?"

"Dzuwa limawaotcha khungu, bambo."

"Dzuwa lake liti, mitambo ili chonchi? Bodza lomweli, Yoswa, ndi lomwe linathawitsa mkazi wako Margareta kupita kwawo ku Thyolo!"

Anthu anaseka. Yoswa sanaseke. Kutsogolo matope, kumbuyo phompho, m'mbali anthu okhaokha.

Windo lakumbuyo linatsika pang'ono. Golovesi loyera linatuluka.

"Ayi, mayi," anatero a Alexio. "Kuno moni wa m'nsalu ndi chipongwe. Vulani."

Dzanjalo linafuna kubwerera, koma mkuluyo anali ataligwira kale. Anatsamira pawindo, msana wawo n'kutsekereza anthu onse, nayamba kukoka golovesi chala chimodzichimodzi. Yoswa anatsinzina.

Linali dzanja lakuda, zala zothimbirira ndi phula la fodya. Pachala panali mphete ya mkuwa, inzake ya ija ya Yoswa.

"Dona tinawaika kuseri kwa chigafa mu Febuluwale, bambo," ananong'ona Margareta. "Zikangomveka, tonse tilibe kolowera."

A Alexio anayang'ananso dzanjalo. Kenako analiveka golovesi lija bwinobwino mpaka m'chigongono.

"Moni ndalandira!" anakuwa. "Dona ali bwino. Tiyeni tikankhe!"

Nditafunsa ngati Dona anapambana chisankhocho, a Kalebe anangoti chubu chauma, ndizipita. Ine ndayenda, ndamva zambiri, koma apa ndikukayika. Munthu sangabisale m'magolovesi miyezi iwiri pakati pa mabanja makumi asanu, pokhapokha ngati onsewo ankadziwa.