Geji Yabodza ya Thirakitala ya Bambo

Mtsikana yemwe ankamutcha Sipanala anasolola choyandama cha geji ya mafuta m'thanki ya thirakitala, n'kupeza waya wake uli wopindika. Sikunali kupindika kwa ukalamba ayi. Mano a pulayala ankachita kuonekeratu.

Thirakitala yakale ya bambo akeyi anali ataidzutsa yekha, injini ndi penti yomwe. Inangotsala geji: kamuvi kankagwa pansi dizilo akadalimo wambiri.

"Wongola msanga, iwe," anatero achimwene ake, omwe paunyamata wawo ankakonda kusiya thirakitalayo pakati pa munda mafuta atawathera. "Geji yabodzayi yandithamangitsa kokathira dizilo zaka ndi zaka."

Bambo awo, atakhala pa chitini cha penti, anayamba kutsokomola chifuwa chomwe analibe. Maso anali kudenga.

Sipanala anayang'ana wayayo, anayang'ana bambo, kenako achimwene, omwe chiyambireni geji kunama mafuta sanawatherenso m'munda. Anabwezera choyandamacho momwe chinalili, n'kumanga mabawuti mwamphamvu.

"Yatheka, achimwene. Kamuvi kakangogwa, muzithira."

"Ukunenetsa?"

"Injini yonseyi ndaidzutsa ndine. Kageji kangandikanike?"

Chifuwa cha bambo chinathera pomwepo.