Ndiwo Zakunyumba Salipirira Laisensi

"Akulanda zonse, ndi beseni lomwe."

"Lero lomwe lino?"

"M'mawa uno. Mayi wina wa ku Chipoka ndamusiya akugubuduzika m'fumbi."

Fagness anayang'ana beseni limene analipanikiza ndi mawondo kumpando wakumbuyo kwa minibasi. Munali chambo chachiwisi, chofunditsidwa chiguduli chonyowa. Mpamba wake wonse unali mmenemo. Mpunga umene anauingira mbalame chaka chathunthu ku Bwanje anaugulitsa dzana, ndipo lero anali atausandutsa nsomba.

Amene ankamuuza zimenezi anali bambo wa jekete lotuwa amene anakhala pambali pake, wa mawu ofatsa ngati mphunzitsi wopuma ntchito. Anati dzina lawo ndi a Gervazio. Anamunong'oneza kuti a zausodzi atchinga msewu kufupi ndi Golomoti, ndipo aliyense wogulitsa nsomba akumufunsa laisensi yatsopano.

Laisensiyo Fagness analibe. Yakale itatha anapita kukadula ina, n'kupeza mtengo utakwera katatu, ngati kuti nsomba nazo zinamva chilengezocho n'kuyamba kuswana katatu. Anabwerako ndi fomu yokha. Fomuyo anakulungiramo matemba.

Minibasi inali itatuluka kale pa Mtakataka. Atsike? Dzuwa linali litakwera, ndipo chambo sichidikira munthu kuti aganize. Apitirire? Anaona m'maganizo beseni lake likukwezedwa m'galimoto ya boma. Anavundukula chiguduli, n'kufunditsanso. Anavundukulanso.

"Lamulo lili ngati ukonde, mayi," anatero a Gervazio. "Mabowo salephera. Tandiuzani, munthu wogula ndiwo zakunyumba amamufunsa laisensi?"

Fagness anapukusa mutu.

"Ndiye beseni limodzi ndi malonda. Koma nsomba zomwezo zikakhala m'majumbo khumi ndi anayi, ndi ndiwo."

Mawuwo anayenda mpando ndi mpando, khutu ndi khutu, pansi pa phokoso la wailesi. A Gervazio anachenjeza kuti kondakitala asamve cholinga chake, poti anthu amenewo amamwera limodzi tiyi ndi apamsewu. Fagness ankayembekeza kuti wina anyinyirika. Sananyinyirike ndi mmodzi yemwe. Majumbo anatuluka m'zikwama ngati ankangodikira. Amayi atatu ovala zitenje zatsopano za maluwa ofanana, zimene Fagness anaganiza kuti zatchipa pamsika, analandira zinayizinayi. Mnyamata wa tayi analandira zitatu, atatalikitsa jumbo kuti lisakhudze malaya. Gogo wina wopanda mano akutsogolo anagwira Fagness padzanja n'kumuuza kuti asade nkhawa, amphawi akapanda kuphimbana adzawaphimba ndani.

Pofika pamphambano ya ku Mua, beseni linali pululu, mutatsala mamba okhaokha. Mtima wa Fagness unatsikako pang'ono. Anayamba kuganiza za mayi wa lesitilanti amene ankamudikira ku Dedza, ndi za mtengo umene akamutchulire.

Koma a Gervazio sanakhazikike. Ankasuzumira pazenera, kukanda chibwano, kusuzumiranso. Kenaka anamuuza kuti pali chimodzi chimene aiwala. Anyamata a boma a masiku ano anapita kusukulu. Akaona majumbo khumi ndi anayi m'minibasi imodzi, onse a chambo cha msinkhu umodzi, pambali pali mayi wa beseni lonunkha nsomba, saphonya samu yake. Nzeru yake inali yoti a majumbo atsike pakanjira ka pamtengo wa mlambe, alambalale wapansi kudzera m'mudzi, akakumane naye pachigayo cha pa Golomoti.

Fagness anatembenuka n'kuwayang'ana onse. Anthu khumi ndi anayi osamudziwa, okonzeka kuyenda padzuwa lotere chifukwa cha iye. Anachita manyazi kuti wakayika.

"Ambuye akudalitseni, bambo," anatero.

"Musatithokoze, mayi. Ife ndi amene tithokoze."

Anatsika mwaulemu, mmodzimmodzi, gogo uja pomalizira. Fagness anatsala yekha kumbuyo, akubwereza bodza lake chamumtima: akuchokera kuchipatala, beseni ndi lochapiramo zovala za wodwala. Pokhota paliponse pa msewu ankatukula khosi. Anaona mbuzi, njinga za makala, ana ogulitsa mango. Anthu a yunifolomu sanawaone. Anangoti apita kukadya, n'kumwetulira yekha. Boma lonse lathunthu, ndi mafomu ake, lagonja kwa majumbo.

Pa Golomoti minibasi inaima moyang'anana ndi chigayo kudikira okwera ena. Fagness anatsuka beseni pamjigo, nakhala pamthunzi. Anaimirira. Anapita kuseri kwa chigayo, n'kubwerera. Chigayo chinagaya matumba a anthu atatu n'kuzima. Mthunzi unamuthawa, iye anautsatira. Aliyense wotulukira m'makwalala ndi jumbo ankamudzutsa, koma onse anali a tomato ndi sopo.

Pomaliza anapita kwa kondakitala, amene ankadya chimanga chootcha atatsamira chitseko. Anamufunsa ngati zosafunika kwenikweni kuti, achimwene, kanjira ka pamlambe kaja munthu wapansi amatenga nthawi yaitali bwanji kuti afike kuno.

Kondakitala anameza kaye.

"Kufika kuno? Kaja kamathera pakhomo pa a Gervazio, mayi. Kuli chinkhoswe cha mwana wawo Abigail lero, basi yonse ija anali abale okhaokha. M'mawa amadandaula kuti ndiwo zachepa, ndiye titaona mukugawa nsomba tinati zatheka." Analumanso chimanga chake, n'kumuyang'ana bwinobwino. "Kodi inuyo ndinu akuchimuna kapena akuchikazi?"